Recursion si msampha wa mayeso, ndi lupu basi

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga pa tsamba lanu ndiyankhulepo za mmene tikuphunzitsira ana athu kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ndikudziwa kuti tsamba lino limadzadza ndi za mtengo wa chimanga, feteleza ndi misewu, ndipo nzoyenera, koma masiku ano achinyamata ambiri kuno ku Zomba akuyenda ndi malaputopu m'zikwama akufuna kudzadyera makodi, nde ngati pali chinthu chomwe tikuwaphunzitsa mokhota tikuyenera kuchinena pagulu osati kumangong'ung'udza pakhonde.

Ine ndimakhala ku Chinamwali, ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu, ndipo Loweruka masana anyamata ndi atsikana angapo amabwera kwathu timakhala pamkeka ndi pamipando ya pulasitiki kuphunzira mpaka mabatire atatha. Pafupifupi aliyense amene wabwera atayambako kale kwina amabwera ndi mantha amodzimodzi, akangomva mawu akuti recursion, kutanthauza function (kachigawo ka pulogalamu kokhala ndi dzina lake) yodziitana yokha, nkhope imagwa. Ukawafunsa amati ndi chija chimabwera pa mayeso, cha masamu a factorial ndi Fibonacci, chija chimaphulitsa kompyuta, chija aphunzitsi anati tichidziwe koma tisamachigwiritse ntchito. Apa mpamene mtima wanga ukuwawa, chifukwa mu zilankhulo zolembera mapulogalamu za mtundu wa functional monga OCaml, F#, Scheme, Haskell ndi Erlang, function yodziitana yokha ndiyo lupu yeniyeniyo, njira yobwerezera ntchito imodzi kambirimbiri, ndi khasu la tsiku ndi tsiku, ndipo mwana amene akuiopa ali ngati mlimi woopa khasu.

Ndikuuzeni zomwe zinachitika mwezi wathawu. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wakhama kwambiri, ndinamupatsa ntchito yolemba mu OCaml kapulogalamu kowonkhetsa ndalama zomwe amayi a banki mkhonde ya kwathu amaponya sabata iliyonse. Analemba chonchi:

let rec wonkhetsa ndalama =
  match ndalama with
  | [] -> 0
  | x :: zina -> x + wonkhetsa zina

Ndipo inagwira bwinobwino, amayi 25 aja ndalama zawo zinatuluka ndendende ndi zomwe zili m'kope la alembi. Kenaka ndinamuuza kuti ayese ndi mndandanda wa manambala kuyambira 1 mpaka 1,000,000. Laputopu yake ili ndi OCaml yakale ya 4, nde inangoima kanthawi kenaka nkulemba kuti Stack overflow during evaluation, looping recursion. Iye anakankha laputopu pang'ono nkundiyang'ana nkunena kuti ankolo mwaona, nzomwe anatiuza zija kuti recursion ndi yoopsa, bwanji tingobwerera ku for lupu basi.

Sindinamuyankhe za kompyuta, ndinamufunsa za maliro. Kwathu kuno maliro akagwa, amfumu amatuma munthu ndi kope ndi mbale ayende khomo ndi khomo kutolera chipepeso. Munthu uja akafika pakhomo amalandira ndalama, amalemba, amaphatikiza pa zomwe zasonkhana kale, nkupita khomo lotsatira, sabwereranso m'mbuyo, ndipo akafika khomo lomaliza nambala yomwe ili pansi pa tsamba ndiyo chipepeso chonse. Tsopano tangoganizani mudzi wina womwe sachita choncho, khomo loyamba akuti ine ndili ndi K500 koma dikirani kaye ndikafunse a khomo lachiwiri kuti kutsogoloko kwasonkhana zingati nde ndiphatikizepo yanga, a khomo lachiwiri nawo akuti ndili ndi K200 koma ndikafunse kaye achitatu, achitatu chimodzimodzi, mpaka mudzi wonse waimirira pazipata aliyense ndalama yake ili m'manja kudikira yankho lochokera kumapeto, ndipo yankho lija likapezeka liyenera kubwereranso khomo ndi khomo mpaka kwa woyamba uja. Ngati makomo ndi 25 palibe vuto. Ngati ndi miliyoni, malo oimapo anthu odikirawo amatha. Malo amenewo mu kompyuta ndiwo stack, ndipo ali ndi malire ake, pa Linux nthawi zambiri amakhala 8 MB.

Pulogalamu ya mnyamata uja inali mudzi wachiwiriwu. Taonani mzere womaliza, x + wonkhetsa zina, kuphatikiza kuja sikungachitike mpaka wonkhetsa wamkati atabwera ndi yankho, nde x aliyense amatsala ataima pachipata. Vuto si kudziitana ayi, vuto ndi kusiya ntchito yotsala m'mbuyo. Tinalembanso limodzi motere:

let wonkhetsa ndalama =
  let rec yenda kope zotsala =
    match zotsala with
    | [] -> kope
    | x :: zina -> yenda (kope + x) zina
  in
  yenda 0 ndalama

Apa yenda ndi munthu wa kope uja. Amanyamula zomwe zasonkhana, a zamakompyuta amati accumulator koma ife pakhonde timangoti kope, ndipo kudziitana kwake ndi chinthu chomalizira chomwe akuchita, palibe china chomudikira kuti abwerere. Kuitana kotereku kumatchedwa tail call, ndipo compiler ya OCaml, pulogalamu yomasulira makodi athu kuti kompyuta iwamve, ikakuona sikumatenganso malo atsopano pa stack, imangosintha kope ndi zotsala nkudumphira pamwamba penipeni ngati mmene while lupu ya mu C imachitira. Anadina enter, yankho linabwera pompopompo 500000500000, ndipo anakhala chete kanthawi ndithu kenaka nkunena kuti ankolo nde iyi ndi lupu basi yangovala malaya ena. Eya, ndi zomwezo, ndipo ndikanakonda akanazimva tsiku loyamba lomwe anamva mawu oti recursion.

Chomwe ndikufuna aphunzitsi anzanga aonetsetse kwambiri ndi chakuti yenda ali mkati mwa wonkhetsa, sali panja. Ambiri akamaphunzitsa zimenezi amalemba ma function awiri osiyana pabwalo, wina wonkhetsa wina wonkhetsa_helper, ndipo zimagwira inde, koma pakapita miyezi fayilo imadzadza ndi ma helper ambirimbiri osadziwika mwini wake, ndipo tsiku lina mnzako wa pa ntchito adzaitana helper uja molunjika nkuyambitsa kope ndi 1 m'malo mwa 0, ndalama za amayi nkuonjezekera kwacha imodzi popanda wodziwa kuti yachokera kuti. Ukamuika mkati, dzina loti yenda silioneka kunja, munthu wogwiritsa ntchito amangopereka mndandanda wa ndalama nkulandira yankho, za kope loyambira pa 0 si zake. Zili ngati mmisiri akamaliza kumanga nyumba amachotsa mitengo ija ankakwerapo, mwini nyumba samalowa m'nyumba kudzera pa mitengoyo.

Palinso phindu lina lomwe ana amalikonda akangolizindikira. Function yamkati imaona zonse zomwe function yakunja yalandira, sufunika kumazinyamula ulendo uliwonse. Mtsikana wina wa ku Matawale pagulu lathu anafuna kupeza membala woyamba amene waponya ndalama zosakwana malire omwe gulu linagwirizana, analemba yekha chonchi:

let woperewera malire mamembala =
  let rec funa otsala =
    match otsala with
    | [] -> None
    | (dzina, ndalama) :: ena ->
      if ndalama < malire then Some dzina else funa ena
  in
  funa mamembala

Onani kuti malire sakusintha ulendo wonse, nde funa samunyamula, amangomuona pomwe ali. Zokhazo zomwe zikusintha ndi zomwe zimaperekedwa poitana, choncho ukangoyang'ana mzere wa let rec ukudziwa kale kuti lupu imeneyi ikuyendetsa chiyani. Mu for lupu yaitali ya mizere 60 umayenera kusakasaka kuti ndi variable iti ikusinthidwa pati, apa zonse zili pakhomo. Chachiwiri, akangomupeza munthu woperewera uja lupu imathera pomwepo chifukwa sanadziitanenso, basi. OCaml ili nazo for ndi while, osanama, koma ilibe break kapena continue, nde ukafuna kutuluka pakati pa ulendo njira yoyera ndi imeneyi. Kupitiriza ndi kudziitana, kuleka ndi kungobweza yankho.

Zimenezi sizatsopano ayi, ndipo ndi chifukwa chake zimandipweteka kuti mpaka pano tikuziona ngati matsenga. Lisp anaiyambitsa John McCarthy mu 1958. Mu 1975 ku MIT, Gerald Sussman ndi Guy Steele anapanga Scheme, ndipo Steele mu 1977 analemba kufotokoza kuti kuitana function sikuyenera kukhala kodula, kuti kuitana komalizira ndi kudumpha chabe kopita ndi katundu m'manja. Mpaka lero malamulo a Scheme amakakamiza aliyense wopanga Scheme yake kuti tail call isadye stack. Ndipo Scheme ili ndi kalembedwe kena kokongola komwe function yamkati umaipatsa dzina nkuiyambitsa nthawi imodzi:

(let lupu ((i 1) (kope 0))
  (if (> i 10)
      kope
      (lupu (+ i 1) (+ kope i))))

Iyi imabweza 55. Ine tsiku loyamba la mwana watsopano ndimayamba ndi imeneyi, ndisanatchule nkomwe mawu oti recursion, ndimangoti nayi lupu, ili ndi dzina, ukafuna izungulirenso uitchule dzina lake nkuipatsa manambala atsopano. Palibe mwana amene anachitapo mantha. Mantha amabwera ukayamba ndi Fibonacci.

Nkhani ya Fibonacci imeneyi ndiimepo pang'ono chifukwa ndi imene yawononga mitima ya ana ambiri. Chitsanzo chomwe chili paliponse ndi chija fib n amaitana fib wa n kuchotsa 1 ndi fib wa n kuchotsa 2 nkuphatikiza. Kulemba nkosavuta, koma kuti upeze fib 40 function ija imaitanidwa maulendo oposa 331 miliyoni chifukwa imangobwereza kuwerenga zomwe yawerenga kale, nde mwana akaona kalaputopu kake kakale fani ikulira amatsimikiza mumtima kuti recursion ndi yochedwa, ndipo ndani angamutsutse poti waona ndi maso ake. Koma ukalemba ndi function yamkati yonyamula manambala awiri omalizira, a ndi b, ulendo uliwonse nkupereka b ndi a + b, imazungulira maulendo 40 okha nkukupatsa 102334155. Recursion yomweyo, kusiyana kwake ndi kwa kabaza ndi munthu wokwawa. Nde bwanji timawaonetsa choyipacho pa bolodi nkusiya chabwinocho?

Sindikufuna ndiname kuti zonse ndi zosalala. Pali maenje ake ndipo ana anga agweramo onse. Dzenje loyamba ndi la mndandanda wotembenuka, ukamasonkhanitsa zinthu m'kope poika chatsopano kutsogolo, pomaliza mndandanda umatuluka chadodolido, womaliza ali poyamba, nde uyenera kuutembenuza ndi List.rev potuluka, ndipo aliyense amaiwala kamodzi. Lachiwiri ndi lobisika kwambiri, ukaika kudziitana kuja mkati mwa try ndi with, mlonda wogwira zolakwika mu pulogalamu, mwachitsanzo powerenga fayilo mzere ndi mzere mpaka kumapeto, pamaso zimaoneka ngati tail call koma si tail call chifukwa pulogalamu ikuyenerabe kubwerera kudzachotsa mlonda wa try uja, nde anthu aja ayambanso kuima pazipata. Fayilo yaing'ono siikuuza kanthu, idzakuuza ndi fayilo yaikulu tsiku lomwe abwana akudikira lipoti. Mankhwala ake ndi kuika try pa kuwerenga mzere umodzi wokha, kudziitana kukhale kunja kwake. OCaml ilinso ndi kachizindikiro ka [@tailcall] komwe ukakaika pa kuitanako compiler imakuchenjeza ngati wanama, Scala ili ndi @tailrec, Kotlin ili ndi tailrec. Clojure, ya Rich Hickey ya mu 2007, poti imayenda pa JVM ya Java yomwe siichotsa tail call payokha, kutanthauza kuti imadyabe stack, anaipatsa loop ndi recur, ndipo ukaika recur pamalo osakhala omalizira imakana ngakhale kuyamba. Ku Haskell mwambo wawo function yamkatiyi amaitcha go nkuiika pansi pa where, koma kumeneko kuli dzenje lake lina, Haskell ndi yaulesi mwadala, siiwerenga chinthu mpaka chifunike, nde kope lija m'malo mokhala ndi nambala limadzadza ndi malonjezo oti ndidzaphatikiza ndidzaphatikiza mpaka memory kutha, uyenera kuikakamiza iwonkhetse pompo ndi foldl' kapena kachizindikiro ka !.

Ndiyeneranso kuwachitira chilungamo aphunzitsi amene amati musamagwiritse recursion, chifukwa mu chilankhulo chomwe akuphunzitsacho akunena zoona. Ana ambiri kuno amayamba ndi Python kapena Java. Python siichotsa tail call, Guido van Rossum yemwe anaipanga anakana poyera kuti sazifuna, ndipo ukadziitana kupitirira pafupifupi maulendo 1000 imakuimitsa ndi RecursionError olo ulembe mwaluso bwanji. Java nayo siichotsa. Nde mu Python lemba for, palibe manyazi, ine ndemwe ndimatero. Cholakwika ndi kutenga malire a Python nkuwauza ana ngati ndi lamulo la makompyuta onse, zili ngati munthu amene anangoyendapo pa msewu wokwera ku Ku Chawe nkumauza anthu kuti galimoto siithamanga.

Ena adzati nanga zilankhulo zimenezi zili ndi ntchito yanji kuno kwathu, ndani akulemba ntchito munthu wa OCaml ku Zomba. Funso labwino ndithu. Koma tengani foni yanu, WhatsApp imene mukutumizirana ma voice note ija maseva ake analembedwa mu Erlang, chilankhulo chomwe Joe Armstrong ndi anzake anayamba ku Ericsson mu 1986 kuti chiziyendetsa makina a matelefoni omwe sayenera kuzima. Erlang ilibe for kapena while. Process yomwe ikudikira uthenga ndi function yomwe imalandira uthenga, kuusamalira, nkudziitananso yokha ndi kope latsopano, ndipo imatha kuzungulira choncho miyezi osadya stack. Kampani ya zandalama ya Jane Street ku New York imalemba pafupifupi zonse mu OCaml. F# ya Don Syme ili mkati mwa .NET ya Microsoft. Ngakhale mu Excel yatsopano, kuyambira pomwe Microsoft inalengeza LAMBDA kumapeto kwa 2020, munthu atha kulemba function yodziitana yokha mu spreadsheet. Ndipo za deta yaikulu musaganize kuti ndi za kunja kokha, ofesi ya National Statistical Office ili konkuno ku Zomba, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, mwana wathu amene adzagwire deta ya mtundu umenewo ayenera kudziwa kusiyana kwa munthu wa kope ndi mudzi woima pazipata, kaya akulemba mu chilankhulo chanji.

Inde OCaml 5 yomwe inatuluka mu Disembala 2022 inakulitsa kwambiri malo a stack, moti pulogalamu yoyamba ya mnyamata uja mwina pa OCaml yatsopano ikanadutsa miliyoni ija osaphulika, koma kukulitsa bwalo sikuchotsa anthu odikira, memory ikudyekabe, ndipo malaputopu a ana athu ambiri ndi a kaunjika a 4 GB. Ndiponso sindikunena kuti lupu iliyonse uzilemba pamanja. Kuwonkhetsa kuja munthu wozolowera amangolemba List.fold_left mzere umodzi nkumapita, ndipo ndimawauza ana kuti ngati map, filter kapena fold zikukwana gwiritsani zimenezo. Koma fold_left yemweyo mkati mwake ndi yenda uja, ndipo mwana amene sanalembepo yenda ndi dzanja lake amangoloweza fold ngati ndakatulo ya ku pulayimale, tsiku lomwe adzafune kutuluka pakati pa ulendo, kapena kuyenda pa mindandanda iwiri nthawi imodzi, kapena kufunsa munthu PIN mpaka katatu, amasowa pogwira.

Pempho langa kwa aphunzitsi a makompyuta m'masukulu ndi m'makoleji, komanso achimwene ndi achemwali amene mukuphunzitsa ana m'makomo ngati ine, ndi loti musinthe poyambira. Tengani sabata imodzi yokha, ikani Racket, ya m'banja la Scheme, kapena OCaml pa makina, zonse ndi zaulere ndipo mukatsitsa kamodzi mutha kugawana pa fulashi osaononganso bandulo, nde muwalembetse ana malupu omwe akuwadziwa kale, kuwerenga 1 mpaka 10, kupeza wamkulu pa mndandanda, kuwonkhetsa ndalama, onse ndi function yamkati yonyamula kope. Auzeni alembe papepala zomwe zili m'kope ulendo uliwonse, mzere ndi mzere, magetsi akazima phunziro limapitirira chifukwa pepala silifuna chaji. Factorial ndi mitengo ya deta zibwere pambuyo, mwana atazolowera kale kuti function kudzitchula dzina si chinthu chachilendo. Ndipo pa mayeso, m'malo mofunsa kuti tanthauzo la recursion ndi chiyani, apatseni ma function awiri aja a wonkhetsa muwafunse kuti ndi uti adzaphulike pa miliyoni ndipo chifukwa chiyani.

Loweruka lapitali mnyamata uja anabwera ndi pulogalamu yowerenga chiwongoladzanja cha ngongole za banki mkhonde mwezi ndi mwezi mpaka ngongole itatha, function yamkati anaitcha mwezi, ikunyamula ngongole yotsala ndi nambala ya miyezi, ndipo inali ndi vuto limodzi, munthu akamabweza ndalama zochepa kuposa chiwongoladzanja ngongole siitsika nde lupu siithanso, stack siiphulika poti ndi tail call, imangozungulira mwakachetechete fani nkumalira. Anachipeza yekha ndisanalankhule, anaonjezera mzere woti ngati ngongole yatsopano siinachepe poyerekeza ndi yakale abweze None, ndipo sabata ino akukawaonetsa alembi a gulu lija pa foni.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa makodi wa pakhonde,
Chinamwali, Zomba